Makwaya asamalipire phokoso la chiwaya m'situdiyo

Masiku ano kutulutsa nyimbo sikulira kuti munthu akagone m'depoti ku Limbe kudikira tsiku lake pa situdiyo yaikulu. Mnyamata wokhala ndi laputopu, kamikisa, maikolofoni awiri ndi chipinda chokhoma matiresi akale m'makoma akutha kujambula kwaya yathunthu, ndipo pofika madzulo nyimboyo imakhala ili kale m'mafoni a anthu. Makwaya a ku Likhubula, Chitakale, Nkando ndi madera ena ozungulira phiri la Mulanje, omwe kale ankangomveka m'tchalitchi, paukwati ndi pamaliro, tsopano ali ndi mwayi wosiyira zidzukulu mawu awo. Zimenezi n'zoyamikika.

Koma tatengani nyimbo zingapo zojambulidwa m'masitudiyo ang'onoang'onowa, muike foni kukhutu, mumvetsere pomwe oimba sanayambe kapena pomwe apumira. Mumva kaphokoso kosalekeza koti “sssss”, ngati wina waponya kumene mbatatesi m'chiwaya. Nyimbo ikafika pokoma kaphokosoka kamabisala, ikafika pachete kamatulukiranso. Kawirikawiri gwero lake ndi ampulifaya ya besi gitala, chida chomwe anyamata ambiri amachikonda chifukwa chimagwedeza mabenchi m'tchalitchi.

Maganizo athu ndi akuti kaphokoso kameneka si tsoka logwa lokha ayi, ndipo si umphawi wa zipangizo wokha umene umakabweretsa. Gawo lalikulu la vutoli ndi kusasamala ndi changu, ndipo wolipira mtengo wa kusasamalako ndi kwaya.

Ndalama yomwe kwaya ya ku Likhubula imapita nayo ku situdiyo siitoledwa panjira. Amayi amakhala agulitsa nanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu wa ku Phalombe, ena athyola tiyi, anyamata asenza zikwama za alendo kuchoka pa ofesi ya zankhalango mpaka pamwamba pa Chambe. Mpingo umakhala wachititsa pepa Sande kangapo. Pamwamba pa izo onjezani miyezi yophunzira nyimbo madzulo aliwonse, ana atasiyidwa ndi agogo. Ndiye tsiku lokhazikitsa chimbale lifike, abusa ndi amfumu atakhala kutsogolo, sipika zikulira “sssss” nyimbo isanayambe n'komwe. Anthu amaomba m'manja chifukwa cha ulemu, koma chimbalecho chikapita ku wailesi, wosankha nyimbo amachimvera masekondi ochepa n'kuchiika pambali. Iye sauza munthu chifukwa chake. Kwaya imangoti mwina nyimbo zathu n'zosakoma, pamene zinali zokoma ndithu.

Makolo athu pa nkhaniyi anali ndi chowiringula. Kwa zaka zambiri kuchokera mu 1964, oimba ochuluka m'dziko muno ankadalira masitudiyo a MBC ku Blantyre, ndipo nyimbo zinkajambulidwa pa tepi. M'zaka za m'ma 1990, pomwe situdiyo ya Imbirani Yahwe ya a Paul Banda ku Balaka inkatulutsa zimbale motsatizana ndipo makaseti ankagulidwa ngati mandasi kwa OG Issa ku Limbe, phokoso la “sss” linali mbali ya kasetiyo. Tepi payokha imalira choncho, ndipo kukopera kaseti kuchoka pa inzake kunkangowonjezera. Vutoli linali la dziko lonse lapansi, moti Ray Dolby adatsegula kampani yake ku London mu 1965 kuti alimbane nalo basi. Kompyuta ilibe tepi. Imasunga chomwe yapatsidwa, moti phokoso lomwe tikumva m'nyimbo za lero lidalowa ndi zida zomwe wojambula adalumikiza yekha ndi manja ake.

Pofuna kuti tisadzudzule mwachimbulimbuli, tiyeni timvetse kaye komwe phokosoli limachokera.

M'kati mwa ampulifaya iliyonse muli tizipangizo momwe mumadutsa magetsi, ndipo chifukwa cha kutentha magetsiwo amanjenjemera pang'ono ngakhale pasakhale woimba. Akatswiri awiri a ku America, John Johnson ndi Harry Nyquist, adafotokoza zimenezi mu 1928. Tanthauzo lake n'lakuti palibe ampulifaya yopanda phokoso, kaya yodula chotani. Chofunika ndi kusiyana kwa mphamvu pakati pa nyimbo ndi phokosolo. Amene adafikako pa Dziwe la Nkhalamba akudziwa kuti madzi sasiya kuwomba pamenepo. Mnzako akamanong'ona ali patali umangomva madzi, koma akayandikira n'kulankhula momveka, madziwo amasanduka kanthu kakumbuyo. Besi ndi ampulifaya yake zili chimodzimodzi.

Cholakwika chomwe chimachitika kwambiri n'chakuti woimba besi amatsitsa voliyumu ya pagitala lake, mawu n'kulowa m'ampulifaya ali ofooka, kenako wojambula n'kudzawakweza kutsogolo pa mikisa kapena pa kompyuta. Pokweza pamenepo amakweza zonse, besi ndi chiwaya chomwe. Njira yoyenera ndi yotembenuza: voliyumu ya pagitala ikhale yotsegula, batani la gain likwezedwe mpaka pomwe mawu ali amphamvu koma asanayambe kusweka, ndipo batani la master ndiye litsike. Izi sizilira tambala. Zimalira kudekha kwa mphindi zisanu.

Chachiwiri chagona pa mtundu wa mawu a besi. Nsambo yaikulu ya besi ya nsambo zinayi imanjenjemera ka 41 pa sekondi, yaing'ono kwambiri ka 98. Mawu ofunikira a chidachi ali pansi, ndipo pamwamba pa 5,000 sipatsala zambiri zoti khutu n'kusowa. Pamwamba pomwepo ndi pomwe phokoso la “sss” limamveka kwambiri. Tsono ampulifaya zambiri za masiku ano zili ndi kasipika kakang'ono ka mawu osongoka pambali pa sipika yaikulu, ndipo kasipika kameneka ndiye mlomo wa phokosolo. Zina zili ndi batani kumbuyo lotsitsira kapena kuzimitsira kasipikako. Kazimitseni, mutsitse batani la treble, maikolofoni muilozetse pa sipika yaikulu osati pa kakang'onoko, ndipo pa kompyuta mudule mawu a pamwamba pa mzere wa besi wokhawo. Mukatero phokoso lochuluka lapita, besi ili yonse.

Pali chifukwa china chomwe nkhaniyi ikukhudzira kwambiri anthu a m'matauni ang'onoang'ono. Ambiri timamvera nyimbo pa foni kapena pa kawailesi ka m'thumba. Kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu otsika a besi, koma “sss” kamamutulutsa bwino lomwe, komanso khutu la munthu limamva msanga mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000. Zotsatira zake n'zoseketsa ngakhale zili zomvetsa chisoni: besi yomwe woimba adaitulutsira thukuta siimveka pa foni, chomveka ndi zinyalala zomwe besiyo idabwera nazo.

Funso lomwe eni masitudiyo ayenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi ampulifayayo ikufunikiradi pojambula? Pabwalo kapena m'tchalitchi n'zoona, woimba ayenera kudzimva ndipo anthu akumbuyo ayenera kumva. M'situdiyo aliyense amavala mahedifoni. Pali kabokosi kotchedwa DI, kolowa m'thumba la jekete, komwe kamalandira waya wa besi n'kupititsa mawu molunjika ku mikisa osadzera ku sipika kapena maikolofoni. Tizipangizo tambiri tolumikizira zida ku kompyuta tili kale ndi bowo lolembedwa Inst kapena Hi-Z lomwe limagwira ntchito yofanana nayo. Njira imeneyi si ya amphawi. Ku situdiyo ya Motown mumzinda wa Detroit m'zaka za m'ma 1960, besi ya James Jamerson, yomwe oimba besi padziko lonse amaphunzirirapo mpaka lero, inkalowa molunjika chonchi.

Tikudziwa kuti apa ndi pomwe pamabuka mkangano. Mnyamata wa besi amaona ngati kumulanda ampulifaya ndi kumuvula ulemu, ndipo mwini situdiyo naye amafuna kasitomala aone chibokosi chachikulu pakona kuti akhulupirire kuti wafika pamalo enieni. Ife tikuti ngati woimba akakamira mawu a ampulifaya yake, jambulani mizere iwiri nthawi imodzi, wina wa DI wina wa maikolofoni, kenako nonse mumvere musankhe. Koma situdiyo yomwe idagula masipika aatali ngati chitseko pomwe ilibe kabokosi ka DI ngakhale kamodzi idaika ndalama pa zooneka ndi maso, pomwe kasitomala akugula zomveka ndi khutu.

Mwina n'koyenera kukumbutsana kuti besi yathu yakale, babatoni wa nsambo imodzi ndi chikopa cha ng'ombe, alibe vuto limeneli chifukwa sadya magetsi. A Madalitso Band ayenda naye m'maiko a ku Ulaya. Sitikunena kuti makwaya ataye magitala, koma tikungoona kuti chida chopangira pakhomo chatuluka kunja chikumveka bwino pomwe chogula kusitolo chikutisokosera m'nyumba.

Phokoso lachiwiri ambiri amalisokoneza ndi loyambali, chonsecho mankhwala ake ndi osiyana. Ili ndi lija long'ung'udza pansipansi loti “mmmm”, nthawi zina losakanikirana ndi “zzzz” ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Limachokera ku magetsi a pakhoma. Magetsi a Escom amasinthasintha ka 50 pa sekondi, pomwe nsambo yachiwiri kukula pa besi imalira pa 55, ndipo noti ya G yotsika ili pa 49. Apa mpeni wa pa kompyuta suthandiza kwenikweni, chifukwa ukadula mkokomowo wadulanso noti za woimba. Phokoso ili liyenera kutsekeredwa kunja lisanalowe.

Limalowa m'njira zodziwika. Ampulifaya ikalumikizidwa pa soketi ina, mikisa pa soketi ya chipinda china, n'kuzilumikizanso ziwirizi ndi waya wa mawu, magetsi amapeza kanjira kozungulira ndipo mkokomo umayamba. Zida zonse za mawu zidye pa soketi imodzi. Limalowanso kudzera m'mapikapu a gitala, omwe amatola za mumpweya ngati mlongoti wa wailesi: babu la chubu, tchaja cha foni, firiji ya mafirizesi kuseri kwa khoma, makina ometera a pa shopu yoyandikana, kapena wowotcherera zitsulo yemwe ali pa nthambo imodzi ndi situdiyo. Pa malo a malonda, pomwe situdiyo, babashopu ndi golosale zimakhala m'nyumba imodzi, zimenezi n'zosapeweka pokhapokha mutasankha bwino ola lojambulira.

Vuto la kuzimazima kwa magetsi lawonjezera lake. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ambiri ochita malonda ang'onoang'ono adagula majenereta ndi mainiveta. Iniveta yotchipa imatulutsa magetsi odukizadukiza, omwe babu siliwadandaula koma ampulifaya imawaimba poyera. Wojambula wanzeru amazula tchaja cha laputopu n'kujambula besi pa batire, kudzera pa DI kapena bowo lija la Inst, ndipo nthawi zambiri phokoso limathera pomwepo.

Kupeza wolakwa pakati pa zida sikulira sukulu. Zulani waya wa gitala ku ampulifaya: phokoso likatsala, vuto lili m'ampulifaya kapena m'magetsi, likatha, yang'anani gitala ndi waya wake. Woimba atembenuke pang'onopang'ono ali chinyamulire gitala: phokoso likamasintha, ndiye kuti mapikapu akutola kanthu m'chipindamo, ndipo pali mbali yomwe akayang'ana limachepa. Pa besi ya mtundu wa Jazz, yokhala ndi mapikapu awiri, kutsegula onse awiri mofanana kumachititsa kuti azimitsirane mkokomo.

Apa tiyenera kulankhula mosapsatira za mchitidwe wina woopsa. Alipo amisiri omwe adazindikira kuti ukathyola dzino lalikulu la pulagi ya mano atatu, kapena kudula waya wake wobiriwira ndi wachikasu, mkokomo umatha. N'zoona umatha. Koma dzino limenelo ndi lomwe limatengera magetsi pansi chida chikaonongeka m'kati. Likachoka, njira yotsala ya magetsiwo ndi nsambo za gitala, zala za woimba, ndi milomo yake pa maikolofoni. Les Harvey wa gulu la Stone the Crows adafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yolowa magetsi, ndipo Keith Relf, yemwe adatchuka ndi gulu la Yardbirds, adafa mu 1976 akuimba gitala kunyumba kwake. Kabokosi ka DI kali ndi batani lolembedwa ground lift lomwe limathetsa mkokomo womwewo pa waya wa mawu popanda kukhudza chitetezo cha pa pulagi. Kholo lomwe mwana wake amaimba besi kutchalitchi liyang'ane pulagi ya ampulifayayo. Ndipo mwana akanena kuti gitala “likuluma”, asaimbenso mpaka wodziwa zamagetsi ataliona.

Nyengo ya ku Mulanje nayo ili ndi mbali yake. Mvula ya kuno ndi yambiri, ndipo chiperoni chikakuta phiri m'miyezi yozizira chinyontho chimalowa paliponse. Mitu ya mawaya imachita dzimbiri, mabatani amayamba kukhwekhwereza ukamawapotokola, ndipo ampulifaya yogona pansi pa simenti m'chipinda cha kwaya sabata yonse siingamveke ngati yosungidwa pouma. Zida zikwezedwe pa thebulo, zifunditsidwe, mitu ya mawaya izipukutidwa, ndipo waya wa gitala ukhale waufupi, wosapitirira mamita asanu kapena asanu ndi limodzi. Besi ina imakhala ndi batire la 9V kumbuyo. Ambiri amaliiwala mpaka mawu atayamba kusweka pakati pa nyimbo.

Pali chiganizo chimodzi chomwe atcheya a kwaya ayenera kuchiopa akachimva m'situdiyo: “Musadandaule, tikonza pa kompyuta.” Zida zochotsera phokoso ziliko ndithu. Pulogalamu yaulere ya Audacity imatha kumvera masekondi angapo a phokoso lokha n'kuyesa kulichotsa m'nyimbo yonse, ndipo chida chotchedwa noise gate chimatseka mzere wa besi woimba akasiya kukhudza nsambo. Koma geti limangobisa phokoso pachete; besi ikayamba, phokoso limalowa nayo limodzi, ndipo likaikidwa mwankhanza limadula mchira wa noti. Chochotsera chija ukachikakamiza, besi imamveka ngati ikuimbidwira pansi pa madzi. Kenako pomaliza wojambula amafinya nyimbo yonse kuti imveke mokweza ngati za pa wailesi, ndipo kufinyako kumadzutsanso chiwaya chomwe ankati wachikwirira. Chonona chifumira kudzira. Kompyuta imapukuta kafumbi, siichapa matope.

Tisaunjike zonse pa ojambula. Makwaya nawo ali ndi mlandu wawo. Amafuna nyimbo khumi zithe masana amodzi chifukwa lole yowanyamula yalipiridwa tsiku limodzi. Amanenerera mtengo mpaka wojambula kutsala wopanda ndi yogulira waya watsopano. Amafika ndi besi ya nsambo zadzimbiri ndi waya womanga ndi pulasitiki ya shuga, n'kumayembekeza kuti ituluke ngati ya ku Johannesburg. Wojambula akapempha theka la ola kuti asake komwe kukuchokera phokoso, ena amayamba kung'ung'udza kuti akudya nthawi yawo. Kunena zoona, theka la ola limenelo ndi lomwe lili ndi phindu kuposa maola ena onse a tsikulo.

Chomwe tikupempha atsogoleri a makwaya n'chaching'ono. Woimba besi apite ku situdiyo tsiku limodzi kwaya isanapite, akayese zida ndi wojambula popanda khamu kumbuyo kwawo. Pa tsiku lenilenilo, nyimbo yoyamba isanayambe, pemphani wojambula ajambule masekondi khumi zida zonse zili zoyatsa koma aliyense ali chete, kenako mumvere pa mahedifoni komanso pa foni ya mmodzi wa inu. Simufunika kudziwa dzina la batani lililonse kuti muzindikire chiwaya. Ndipo gwirizanani poyambirira kuti gawo lomaliza la malipiro liperekedwa mutamva nyimbo zomalizidwa. Wojambula wodzidalira sakana pangano lotere.

Kwa mabungwe, mpata ulipo. Achinyamata ambiri omwe ali ndi masitudiyowa adaphunzira poonera anzawo ndi pa YouTube, ndipo luso ali nalo. Chomwe chikusowa ndi munthu wowaonetsa maziko. Bungwe la oimba la Musicians Union of Malawi, la Cosoma lomwe limatolera ndalama za oimba, ndi la Teveta lomwe limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja angathe kugwirizana pa maphunziro a masiku awiri m'maboma. Sukulu ya ukachenjede ya MUST, yomwe ili ndi maphunziro a nyimbo za mu Africa, ili pafupi pomwepa ku Ndata m'boma la Thyolo. Malo ochitira nawo sasowa: Likhubula House ya sinodi ya Blantyre ya CCAP imalandira kale misonkhano ya achinyamata, ndipo mipingo ndi yomwe imatumiza makwaya ambiri ku situdiyo.

Nkhaniyi ikupitirira pa makwaya. Mu 2014 bungwe la Unesco lidaika gule wa tchopa wa Alhomwe pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa, ndipo mu 2025 phiri la Mulanje lidalowa pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira. Nyimbo zomwe Hugh Tracey adajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwabe ku South Africa ndipo anthu akuzimverabe, chifukwa adazijambula mosamala ndi zida zomwe lero tingaziseke. Zomwe zikujambulidwa panopa m'tizipinda ta pa malo a malonda ndi zomwe ofufuza a m'tsogolo adzapeze akamadzafuna kudziwa momwe anthu a m'tsinde mwa phirili ankaimbira.

Latsala phokoso limodzi lomwe lilibe batani: mvula pa denga la malata. Pa maikolofoni imamveka ndendende ngati “sss” wa ampulifaya, ndipo ku Likhubula kuyambira Novembala mpaka Epulo ikhoza kuyamba pakati pa ndime yachiwiri. Besi yodzera pa DI siimva mvula, choncho ingajambulidwe ngakhale kukugwa chimvula, koma mawu a oimba ayenera kudikira. Popeza nthawi zambiri imagwa masana, makwaya apangane zojambula m'mawa, ndipo alembe papepala ndi mwini situdiyo kuti maola otayika chifukwa cha mvula kapena kuzima kwa magetsi sawerengedwa pa malipiro.